Kachitidwe ka kafukufuku wa nkhanza za m'banja ku Kasungu popanda kuika miyoyo pachiswe

Ophunzira ambiri a m'sukulu za ukachenjede akafika chaka chomaliza amathamangira mutu wa nkhanza za m'banja. Amauona ngati wosavuta: nkhani zake zili pa wailesi tsiku ndi tsiku, aliyense ali ndi mnansi amene zidamuonekera, ndipo mabungwe amaukonda. Koma pa mitu yonse imene munthu angafufuze m'mudzi, uwu ndi umodzi mwa yochepa imene funso lofunsidwa masana lingamenyetse munthu usiku. Mukalakwitsa pofunsa za mitengo ya feteleza, mwaononga pepala lanu basi. Mukafunsa za nkhanza mwamuna ali kuseri kwa nkhokwe akumvetsera, inu mukwera kabaza kubwerera ku boma, mayi uja n'kutsala naye yekha.

Malangizo awa ndi a amene akufuna kufufuza nkhaniyi m'boma la Kasungu, kaya ndi wophunzira wa digiri yoyamba, wa masitazi, kapena wogwira ntchito m'bungwe. Muona kuti pafupifupi gawo lililonse likuzungulira pa chitetezo cha woyankha. Si chifundo chokha ayi. Munthu wamantha amangoti "kwathu kuno kulibe zimenezo", inu n'kulemba ziro, ndipo lipoti lonena kuti nkhanza n'zochepa pamene n'zambiri limapatsa akuluakulu chifukwa chosachitapo kanthu.

Choyamba, chepetsani funso lanu

Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006, lija la Prevention of Domestic Violence Act, limatambasula nkhanza mokulira kuposa momwe ambirife timaganizira. Muli kumenya, kukakamiza kugonana, kuzunza m'maganizo monga kutukwana ndi kuopseza, komanso kumana munthu ndalama ndi zofunika pamoyo. Silikamba za mwamuna ndi mkazi wake okha, likukhudzanso makolo ndi ana ndi ena okhala nyumba imodzi. Zonsezo simungazifufuze ndi kathumba ka wophunzira m'miyezi itatu. Sankhani mtundu umodzi wa nkhanza, gulu limodzi la anthu ndi dera limodzi.

Kasungu ali ndi mafunso akeake. Ndi boma la fodya, ndipo ntchito ya fodya, kuyambira ku nazale mpaka kusoka ndi kusankha masamba m'chigafa, imagwiridwa ndi banja lonse, koma ndalama ikatuluka ku okushoni ya Chinkhoma imalowa m'dzina la amene adalembetsa, amene kawirikawiri ndi bambo. Kodi mikangano ya m'nyumba imasintha bwanji pakati pa Febuluwale, nkhokwe zitapita, ndi Juni, ndalama zitalowa? Limenelo ndi funso lofufuzika. Lina: mabanja a matenanti pa maesiteti, amene ambiri adachokera kutali ndipo ankhoswe awo adatsala kwawo, amakadandaula kwa yani? Linanso: m'boma lomweli muli maukwati a chikamwini, a chitengwa, komanso a lobola chakumpoto, kwa Kaluluma ndi kwa Simlemba. Mkazi wokhala pamudzi pa amalume ake ndi wokhala pamudzi pa apongozi ake alibe kothawira kofanana. Kusiyanako kumabala chiyani?

Kenako gamulani ngati mukufuna kuwerenga anthu kapena kumvetsa zochitika. Kuti mudziwe kuti ndi amayi angati mwa 100 alionse, pafunika mazanamazana a anthu osankhidwa mwamaere. Kuti mudziwe chifukwa chimene mayi amayambira kwa ankhoswe osati kupolisi, anthu 20 kapena 30 ocheza nawo mozama akhoza kukwanira, bola musadzalembe maperesenti. Kwa wophunzira wa digiri yoyamba, maganizo anga ndi akuti atenge njira yachiwiriyi, ndipo acheze ndi ankhoswe, mafumu, anamwino, anamkungwi ndi apolisi m'malo mosakasaka ozunzidwa. Anthu amenewa ali ndi zambiri zonena, ndipo sawamenya chifukwa choti ayankhula ndi mlendo.

Chachiwiri, werengani zimene zilipo kale

Musatuluke m'nyumba musanawerenge lipoti la Malawi Demographic and Health Survey (DHS), kafukufuku amene imachita nthambi yowerengera anthu ya NSO ya ku Zomba. Wa 2015-16 adapeza kuti amayi 34 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 49 adachitidwapo nkhanza za kuthupi chikwanitsireni zaka 15, ndipo mwa amayi amene adakwatiwapo, 42 mwa 100 alionse adazunzidwapo ndi amuna awo, kaya pomenyedwa, pokakamizidwa kugonana kapena m'maganizo. Kafukufuku wa nkhanza kwa ana ndi achinyamata wa 2013 adapeza kuti mtsikana mmodzi mwa 5 alionse ndi mnyamata mmodzi mwa 7 alionse adachitidwapo nkhanza zogonana asanakwane zaka 18, ndi kuti anyamata pafupifupi awiri mwa atatu adamenyedwapo ali ana. Ziwerengero zanu za ku Santhe kapena ku Chamama zidzakhala ndi tanthauzo pokhapokha mutaziika pambali pa zimenezi.

Pali chinthu chimene ambiri sadziwa: mayankho onse a kafukufuku wa DHS, maina atachotsedwa, amaperekedwa ulere pa intaneti kwa wofufuza amene walembetsa ndi kufotokoza ntchito yake. Ngati funso lanu ndi loti kodi maphunziro a mayi kapena kumwa mowa kwa bambo kumayendera limodzi ndi nkhanza, mukhoza kuliyankha muli pa kompyuta osavutitsa munthu ndi mmodzi yemwe.

Malamulo nawonso muwadziwe, chifukwa oyankha adzakufunsani. Kupatula la 2006 lija, pali losamalira ndi kuteteza ana la 2010, la chuma cha masiye la 2011 limene lidaika kulanda chuma cha amasiye kukhala mlandu, la Gender Equality Act la 2013, ndi la maukwati la 2015 limene lidaika zaka 18 kukhala msinkhu wokwatira kapena kukwatiwa, zimene malamulo aakulu a dziko adatsindika atasinthidwa mu 2017. Werenganinso kabuku ka bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO ka 2001 kotchedwa Putting Women First. N'kakafupi, ndipo njira zambiri zachitetezo zili m'munsimu zidakhazikika kuchokera m'menemo.

Kaundula wa kupolisi ndi wa kuchipatala ndi wothandiza, koma musamusenzetse katundu woposa msinkhu wake. Amawerenga okhawo amene adafika pa ofesi. Kuyeza kukula kwa nkhanza ndi kaundula ameneyu kuli ngati kuyeza zokolola za boma lonse poona chimanga chofika ku ADMARC chokha. Milandu ikakwera chaka china, mwina nkhanza zakwera, mwinanso anthu ayamba kukhulupirira apolisi.

Chachitatu, zilolezo

Kalata ya aphunzitsi anu si chilolezo cha kafukufuku. Ntchito yanu iyenera kudutsa ku komiti younika ngati kafukufuku sapweteka anthu. Masukulu ena ali ndi zawo: UNIMAREC ku University of Malawi, COMREC ku Kamuzu University of Health Sciences, MZUNIREC ku Mzuzu University. Amene alibe komiti pasukulu pawo amapita ku NCRSH, yomwe ili pansi pa National Commission for Science and Technology ku Lilongwe, kapena ku NHSRC ya unduna wa zaumoyo ngati ntchitoyo ndi ya zachipatala. Adzafuna ndondomeko yonse ya kafukufuku, mafunso m'Chingerezi ndi m'Chichewa, chikalata chopempha chivomerezo cha woyankha, ndi kufotokoza chimene mudzachite munthu akaulula kuti moyo wake uli pangozi. Pamakhala ndalama yolipira, ndipo yankho silibwera sabata yomweyo, choncho perekani mapepala miyezi ingapo tsiku lonyamuka lisanafike. Ngati mukufuna kufunsa ana osakwana zaka 18, yembekezani mafunso ovuta kuchokera ku komiti, ndipo n'koyenera, pakuti kholo lovomereza kuti mwana afunsidwe likhoza kukhala lomwelo lomuzunza.

Chilolezo chikatuluka, pitani ku khonsolo ya Kasungu mukaonekere kwa bwanamkubwa. Mwina adzakuuzani kuti mukafotokoze ntchito yanu ku msonkhano wa DEC, kumene kumakhala akuluakulu a nthambi za boma ndi mabungwe. Musaphonye ofesi ya Social Welfare, ya jenda, ya zaumoyo ndi apolisi. Mukatero ndiye mutsike kwa mfumu yaikulu ya dera lanu, kaya ndi kwa Kaomba, kwa Lukwa, kwa Wimbe kapena kwa Chulu, kenako kwa agulupu, kenako kwa anyakwawa. Kudumpha mfumu n'kudzitsekera khomo nokha.

Apa pali pofunika kusamala kwambiri. Komiti ndi akuluakulu a ku khonsolo adziwe mutu weniweni. Koma m'mudzi kafukufukuyu akhale ndi dzina lina lozizira, monga "kafukufuku wa umoyo wa amayi ndi za m'mabanja". Dzina lomwelo likhale pa makalata onyamula, pa zikwama, ndi pakamwa pa dalaivala. Ena amaona ngati kutero n'kunama. Si kunama, chifukwa mayi woyankhayo adzauzidwa zoona zonse ali payekha asanavomere. Chimene mukupewa n'chakuti amfumu aimirire pa maliro n'kulengeza kuti kukubwera alendo odzalemba amuna omenya akazi, chifukwa zikatero nyumba iliyonse imene mwalowa yalozedwa chala. Ndipo amfumu akadzipereka kuti akusankhireni "amayi amene ali ndi vutoli", thokozani mwaulemu n'kukana.

Chachinayi, konzani kotumiza ofuna thandizo musanafunse munthu

Mukafunsa amayi ambiri za kumenyedwa, mudzapeza wina amene wamenyedwa dzulo. Tsiku limenelo si loyamba kufufuza kuti thandizo lili kuti. Lembani mndandanda wa malo othandiza a kufupi ndi dera lanu: nthambi ya Victim Support Unit kupolisi, makomiti othandiza ozunzidwa a m'midzi, wogwira ntchito yoteteza ana wa m'deralo, chipatala chapafupi, chipatala chachikulu cha boma, ndi bwalo la majisitireti, limene pansi pa lamulo la 2006 lingapereke chiletso choteteza wozunzidwa. Funsaninso a zaumoyo za malo a Chikwanekwane, kumene wozunzidwa amaonana ndi achipatala, apolisi ndi alangizi pamalo amodzi. Pa foni pali nambala zaulere za Tithandizane zimene bungwe la YONECO limayendetsa: 116 ya ana ndi 5600 ya nkhanza.

Mndandanda wokopera m'lipoti la wina sukwanira. Pitani ndi miyendo yanu pa malo alionse, muone amene amakhalapo, masiku amene amatsegula, mtunda wake, ndi mtengo wa kabaza kukafika. Auzeni kuti sabata zakutizakuti mwina kubwera anthu ochokera kwa inu. Mu bajeti ikanimo ndalama ya thiransipoti ya munthu wofunika kuthamangira naye kuchipatala. Aliyense wa gulu lanu aloweze manambala awiri awa: wogwiriridwa ayenera kuyamba mankhwala a PEP oteteza ku HIV pasanathe maola 72, ndipo mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi amagwira ntchito pasanathe maola 120.

Kapepala kopatsa woyankha kakhale kakang'ono, kopindika m'mphepete mwa chitenje, ndipo malo othandiza ozunzidwa asakanizidwe ndi ena monga sikelo ya ana ndi kulera. Apatseni onse, oulula ndi osaulula omwe. Wokana kukatenga musamukakamize, amadziwa yekha amene amasecha m'chikwama chake. Muwerengereni pakamwa basi.

Chachisanu, mafunso

Apa ndi pamene kafukufuku amachira kapena kufa. Musafunse kuti "kodi amuna anu amakuchitirani nkhanza?" Mayi amene adakula akumva kuti banja ndi kupirira, kapena kuti kumenya ndi mankhwala a banja, adzayankha kuti ayi ndi mtima woona, pamene sabata yatha adalandira makofi chifukwa ndiwo zidapsereza. Funsani zochitika, chimodzichimodzi. Kodi amuna anu adakukankhanipo, kukugwedezani kapena kukugendani ndi chinthu? Adakumenyanipo khofi? Adakupotozanipo mkono kapena kukukokani tsitsi? Adakumenyanipo chibakera? Adakupondanipo kapena kukukwekwezani pansi? Adakukanyangani pakhosi kapena kukuotchani dala? Adakuopsezanipo ndi mpeni, chikwanje kapena chida china? Adakukakamizanipo kugonana inu musakufuna? Kafunsidwe kameneka ndi kamene DHS imagwiritsa ntchito, ndipo kadachokera ku muyeso wotchedwa Conflict Tactics Scale wa Murray Straus wa 1979. Tengani mafunso a DHS omwewo m'malo mopeka anu, kuti zotsatira zanu zidzayerekezeke ndi za dziko lonse. Anu onjezani pamwamba, monga a ndalama ya fodya kapena a kugulitsa mbewu mkazi osadziwa.

Pa funso lililonse limene wavomera, funsaninso ngati zachitika m'miyezi 12 yapitayi, ndiponso kangati. Kumudzi "miyezi 12" imasokoneza, ndiye mangirirani pa chinthu chodziwika: "kuyambira msika wa fodya wa chaka chatha", kapena "chidzalireni chimanga chija mwakololachi".

Dongosolo la mafunso likhale lokwera pang'onopang'ono. Yambani ndi zaka, ana, ulimi, umoyo. Bwerani pa amene amagamula za ndalama pakhomo. Kenako za kulondalonda: kodi amachita nsanje mukayankhula ndi amuna ena, amakuletsani kukaona abale anu, amafuna kudziwa kumene muli nthawi zonse? Zikatha izi ndiye za kutukwana, za kumenya, ndipo za kugonana pamapeto. Musathere pamenepo. Tsekani ndi mafunso a kumene amapeza mphamvu, amene amamuthandiza, ndi zimene akufunira ana ake, kuti musamusiye ali pakati pa chilonda.

Mafunso akamasuliridwa, munthu wina amene sadaone oyambirira awabwezere m'Chingerezi, muone pamene tanthauzo lathawa. Ngati mukugwira ntchito cha ku Nkhamenya ndi kumpoto konseko, konzaninso a Chitumbuka, ndipo pakhale ofunsa ochiyankhula bwino. Yesani mafunsowo kaye m'mudzi umene suli pa mndandanda wanu.

Za zokambirana za pagulu: n'zabwino pofuna kumva zimene mudzi umaona ngati zololedwa, koma musafunse munthu za m'nyumba mwake pamaso pa anzake, chifukwa chinsinsi cha anthu khumi simungachilonjeze. Apatseni nkhani yopeka, ya mayi wina amene mwamuna wake wagulitsa fodya n'kusowa sabata ziwiri, muwafunse chimene mayiyo angachite ndi chimene anthu anganene. Kufunsa pa foni kupeweni. Foni ya pakhomo nthawi zambiri imakhala m'thumba la bambo, ndipo simungaone amene waima pambali.

Chachisanu ndi chimodzi, kusankha oyankha

Ngati mukuwerenga, masamu ake ndi awa. Tiyerekeze kuti mukuyembekeza kupeza 42 mwa 100, mukulola kuphonya ndi 5 kumwamba kapena pansi, pa chitsimikizo cha 95 peresenti. Zimatuluka amayi 374. Koma poti mumasankha midzi kaye kenako nyumba, ndipo anthu a mudzi umodzi amafanana m'zambiri, chiwerengerocho chimachulukitsidwa, kawirikawiri ndi 1.5 kapena 2. Ndi 2 chikhala 748, ndipo mukaonjezera okana ndi osapezeka mufika cha m'ma 830. Kasungu ali ndi anthu oposa 800,000 malinga ndi kalembera wa 2018, ndipo midzi ina ili kutali ndi msewu wa M1, cha kumalire a nkhalango ya Kasungu National Park. Onani thumba lanu moona mtima musanalonjeze nambala imeneyi. Mapu a timadera ta kalembera amapezeka ku NSO, ndipo ndi amene muyenera kusankhirapo, osati midzi imene galimoto imafika mosavuta.

Pa nyumba iliyonse funsani mayi mmodzi yekha, wosankhidwa mwamaere, kuti pasakhale wina pakhomopo wodziwa zimene zafunsidwa. Wosankhidwayo akapezeka kuti wapita kudimba kapena kuchigayo, bwereraninso, osangotenga amene mwamupeza. Pa mitala samalani kwambiri. Ngati mukufunsanso abambo, zimene n'zofunika chifukwa nawonso ena amazunzidwa ndipo ochita nkhanza tiyenera kuwamvetsa, afunseni m'midzi ina, osati momwe mwafunsamo amayi. Mwamuna akamva mafunsowo adziwa zimene mkazi wake wafunsidwa.

Nyengo muiganizirenso. Kuyambira Disembala mpaka Malichi misewu yafumbi imavuta ndipo anthu amakhala kumunda tsiku lonse.

Chachisanu ndi chiwiri, ofunsa mafunso

Amayi afunsidwe ndi amayi anzawo, abambo ndi abambo. Wofunsa asakhale wa m'mudzi momwemo kapena wodziwika kumeneko, ngakhale atakhala mlangizi wa zaumoyo wokondedwa chotani, pakuti palibe amene angaulule za kuchipinda kwa munthu amene adzakumane naye ku mjigo mawa. Msinkhu umathandizanso: mayi wa ana asanu samasuka kukamba za kugonana ndi mtsikana wofanana ndi mwana wake. Maphunziro awo asakhale a tsiku limodzi. Ayesezere kufunsa, kusintha nkhani, kukhala chete munthu akulira, ndi kubisa kudabwa pankhope. Amene amakhulupirira kuti mkazi womenyedwa amaziputa dala, musamulembe ntchito. Dziwaninso kuti mwa ofunsawo muli ena amene zidawachitikira okha. Asapitirire anthu anayi kapena asanu patsiku, ayende awiriawiri, abwereko dzuwa lisanalowe, ndipo madzulo alionse mukhale pansi kupepuzana, osatchula maina.

Chachisanu ndi chitatu, tsiku lofunsa

Wofunsa wafika, waodira, amuyalira mphasa. Malonje atha. Chotsatira n'kupeza malo a awiriwiri, pansi pa mtengo wa mango chapatali ndi khonde, pamene akuoneka koma osamveka. Mwana wa kumsana akhoza kukhalapo, koma amene wayamba kuyankhula apite akasewere, chifukwa ana amabwereza zimene amva. Kunyamulirako maswiti kapena kampira kumathandiza, mnzake wa wofunsa n'kumacheza nawo ana ndi agogo kutsogolo kwa nyumba. Malo obisika akasoweka, musafunse. Panganani tsiku lina kapena malo ena, monga kusikelo.

Chivomerezo chipemphedwe kawiri: poyamba, ndiponso pofika pa mafunso ovuta. Mawu ake akhoza kukhala otere: "Mayi, mafunso otsatirawa ndi a momwe mumakhalira ndi bambo a kunyumba kuno. Ena ndi olemera. Zimene mundiuze sizikamveka kwa bambo, kwa amfumu kapena kwa wina aliyense m'mudzi muno. Funso limene simukulifuna tilidumpha, ndipo mukafuna tisiye, tisiya. Wina akatulukira ndisintha nkhani, inu mungonditsatira. Tipitirire?" Muwauzenso pasadakhale malire a chinsinsicho: mukamva kuti mwana akuzunzidwa, lamulo la ana la 2010 limafuna kuti nkhaniyo ikafike kwa oyenera, ndipo njira yake mukhale mutagwirizana kale ndi komiti komanso a Social Welfare. Chikalata chosainidwa kapena chodindidwa chala chisatsale pakhomo ngati chikutchula nkhanza.

Ndiye tiyerekeze kuti muli pakati pa funso la kukanyanga pakhosi, bambo atulukira kuchokera kudimba, khasu lili paphewa.

"Kodi alendowa akufuna chiyani?"

"Zikomo bambo, mwaswera bwanji? Tikucheza ndi mayi za umoyo wa amayi ndi ana. Tinali pa nkhani ya maneti. Mayi, paja mwati ana onse amagona m'neti?"

Tsamba la mafunso a maneti, a madzi akumwa ndi a katemera likhale lokonzeka, kaya papepala kaya pa tabuleti, lotseguka ndi kukhudza kamodzi. Bambo akafuna kuona, aone limenelo. Akakhala pansi osachoka, malizani za manetizo, thokozani, tsanzikani. Mayankho otsalawo atayike, palibe kanthu.

Mayi akayamba kulira, ikani cholembera pansi. Musamugwire mawu, musathamangire funso lotsatira, ndipo musamuuze kuti "athaweni bambo amenewa". Inu simukudziwa kumene angapite, za ana, za munda, ndipo nthawi imene mkazi akuchoka pa banja lankhanza ndi imene ngozi imakula. Chimene munganene n'chakuti zimene zamuchitikira si zoyenera, si kulakwa kwake, ndipo pali malo akutiakuti othandiza ngati angafune. Akati akuopa kuphedwa, mufunseni chimene iye akufuna kuti chichitike, ndipo muitane woyang'anira gulu nthawi yomweyo. Kukanena kupolisi nkhani ya munthu wamkulu iye asanavomere kukhoza kumuonjezera mavuto.

Kangachepe kothokozera, kaya sopo kaya shuga, kakhale kamene komiti idavomereza, kofanana kwa onse. Kakakula, osafuna amavomera chifukwa cha umphawi, ndipo bambo amayamba kufunsa chimene mkazi wawo wagulitsa.

Pomaliza, kusunga, kusanthula ndi kubweza zotsatira

Pa mayankho pasakhale dzina, pakhale nambala. Pepala lolumikiza maina ndi manambala likhale kwina, lokhomeredwa. Ngati mukugwiritsa ntchito mapulogalamu olembera mayankho pa tabuleti monga KoboToolbox kapena ODK, tabuleti ikhale ndi pasiwedi ndipo mayankho atumizidwe n'kuchotsedwamo tsiku lomwelo. Mawu ojambulidwa asayende pa WhatsApp, ndipo wowalemba asaine lonjezo la chinsinsi. Zithunzi za oyankha musajambule n'komwe.

Posanthula, siyanitsani "zidachitikapo" ndi "zachitika m'miyezi 12 yapitayi", ndipo nenani bwino kuti 100 wanuyo ndi wa amayi onse kapena okwatiwa okha. Lembani kuti ndi angati amene adakana kapena amene simudamalize nawo chifukwa chosowa malo obisika, pakuti mwina amenewo ndiwo ali pamoto weniweni, ndipo nambala yanu ndi yotsikirapo kuposa zoona. Chenjerani ndi mawu oti "chimayambitsa". Mukapeza kuti amuna omwa kachasu amamenya kwambiri, mwapeza kuti ziwirizo zimayendera limodzi. Kafukufuku wa ulendo umodzi sangagamule kuti chidayamba n'chiti, ndipo osamwa omenya aliponso.

Polemba mawu a oyankha, kuchotsa dzina sikukwanira. "Mkazi wachiwiri wa mwini chigayo, wa ana amapasa" wadziwika kale dera lonse. Lembani kuti mayi wa zaka za m'ma 30, ndipo mudzi musautchule, tchulani boma kapena dera la mfumu yaikulu basi. Musaike mitundu ya anthu kapena mipingo pa mpikisano wa nkhanza ndi timanambala tochepa.

Lipoti likatha, bwererani ku DEC kumene mudayambira mukafotokoze zimene mwapeza, ndipo a Social Welfare, apolisi ndi achipatala muwasiyire tsamba limodzi kapena awiri a m'Chichewa okhala ndi zimene angathe kuchita. Ku makomiti a chitukuko a ADC perekani zotsatira za midzi yonse pamodzi, mosaloza kuti zakutizakuti zidachokera kwa gulupu uti, ndipo oyankha asaitanidwe mwapadera ku msonkhanowo. Komiti imene idakupatsani chilolezo imafunanso lipoti lomaliza. Tsiku limene mudailonjeza kuti mudzafufuta mawu ojambulidwa ndi kuotcha pepala la maina likakwana, chitani zimenezo, osaiwala makope otsalira m'mafoni a ofunsa mafunso ndi m'kompyuta ya amene adakuthandizani kutaipa.